Kapepala kamene ndinatola m'beseni ku Katoto

Linali Loweruka la mwezi wa Julayi, nyengo imene Mzuzu amadzuka ali m'nkhungu ndipo kamvula kowaza kamagwa tsiku lonse, kosanyowetsa nthaka kwenikweni koma kolowa m'mafupa. Tinali anthu asanu ndi awiri pakhonde la nyumba ina ku Katoto, titazungulira mbaula, aliyense atafumbata kapu ya tiyi. Pakati pathu panali kabeseni kachitsulo kamene mwini nyumba amatsukiramo makapu masiku ena onse, koma pa tsiku la msonkhano wa gulu lathu lowerenga mabuku kamasanduka mosungira timapepala topindidwa. Itafika nthawi yanga ndinapisa dzanja, ndinatola kamodzi n'kukafunyulula. Zilembo zake zinali za inki yabuluu, zopendekera bwino, dzanja la munthu amene anaphunzira kulemba pa nthawi imene mwana wolemba mokhotakhota ankakwapulidwa ndi rula. Kapepalako kanati: "Lembani za mphunzitsi wa pasukulu ya ufumu wachilendo uja, munthu amene amawakondadi ana, pa tsiku limene wapatsidwa nyumba ya mnzake amene wachotsedwa."

Timapepala totere pagulu pathu timatitcha nyambo. Olemba m'Chingerezi amati prompt, koma ife tinaona kuti dzina lakuti nyambo ndilo loyenera, chifukwa kapepalako kamaoneka kosavuta kumeza ndipo mbedza yake munthu amaimva atameza kale. Aliyense amalemba nyambo imodzi yochokera m'buku limene tonse tawerenga, osaikapo dzina lake, ndipo chimene watola ndi chomwecho, palibe kusinthana kapena kubwezera m'beseni. Pakatha milungu iwiri umabwera ndi nkhani ya mawu osapitirira 1,500 n'kuiwerenga mokweza pamaso pa anzako. Nkhani zotere ndi zimene kunja amazitcha fan fiction, ndiko kuti nkhani imene wowerenga amapeka atabwereka dziko, malamulo ndi anthu a m'buku la mlembi wina, pofuna kulowa m'makona amene mwini bukuyo anangowalambalala. Anthu ochita zimenezi padziko lapansi ndi ochuluka zedi, moti nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Archive of Our Own, imene inatsegulidwa mu 2009, ikusunga nkhani zotere mamiliyoni, ndipo mu 2019 inalandira mphoto ya Hugo, imene ndi imodzi mwa mphoto zolemekezeka kwambiri pa zolemba zonena za maiko opeka. Alipo alembi amene sakondwera nazo, monga George R. R. Martin amene ananena poyera kuti safuna ena azilemba nkhani pogwiritsa ntchito anthu a m'mabuku ake, ndipo ife timalemekeza zimenezo posankha buku, komanso sitigulitsa chilichonse chimene talemba. Ine mchitidwewu sunandidabwitse ngakhale pang'ono, chifukwa Kalulu wa m'nthano za agogo anga aakazi sanali wofanana ndi Kalulu wa azakhali anga, ngakhale kuti chitsime chimene anakana kukumba chinali chimodzi chomwecho.

Kagulu kathu kanabadwa chifukwa cha njala ya mabuku. Amene anali mumzinda muno mu Disembala 2015 akukumbukira tsiku limene tinamva kuti laibulale ya Mzuzu University yapsa ndipo mabuku pafupifupi 45,000 asanduka phulusa. Ambiri a ife sitinali ophunzira pasukuluyo, komabe tinamva ngati kwagwa maliro a pamudzi. Mabuku a fantasy, amene amanena za maiko opeka okhala ndi mafumu, matsenga ndi mbiri yawoyawo, sapezekapezeka kuno. Ena amabwera m'chikwama cha wachibale wochokera ku Johannesburg, ena timawapeza mwamwayi pamulu wa mabuku akale pamsika, chikuto chitathothoka kale. Buku limodzi limayenda m'manja mwa anthu asanu ndi awiri kwa miyezi iwiri, ndipo pofika kwa womaliza limakhala litanunkha utsi wa makhitchini angapo. Tili ndi namwino, ophunzira awiri a payunivesite, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene amawerenga podikira okwera, mwini nyumba uja, ine amene ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina, ndi mayi wachikulire amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi, amene tonsefe timangowatcha kuti Amama monga mwa chizolowezi cha kuno.

Buku limene tinali titangomaliza linali The Traitor Baru Cormorant la Seth Dickinson, limene linatuluka mu 2015. Ufumu wa m'bukuli sufika pachilumba cha kwawo kwa mtsikana wa m'nkhaniyo ndi mikondo poyamba. Umafika ndi zombo za malonda, ndalama zapepala, mankhwala ndi sukulu, ndipo pamene eni dziko akudzidzimuka, ana awo anzeru ali kale m'kati mwa mpanda wa sukuluyo akuphunzira chilankhulo cha ufumuwo ndi kuyamba kuona miyambo ya makolo awo ndi maso a alendo. Mtsikanayo amatsimikiza mtima kukwera maudindo mu ufumu womwewo kuti adzaugwetse ali pamwamba, ndipo ntchito imene amapatsidwa ndi yoyang'anira chuma cha dziko lina logonjetsedwa, kumene ngongole ndi mphamvu ya ndalama zimakhala zida zoopsa kuposa lupanga. Kwa munthu amene tsiku lonse amakhala pa malisiti ndi mabuku a ndalama ngati ine, bukuli linandigwira pamtima. Tinaliwerenga patangopita miyezi ingapo kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndinali nditaona ndi maso anga mmene chiganizo cholembedwa papepala limodzi chimalowera mumphika wa mayi wa ku Chibavi, amene sanafunsidwe maganizo ake koma ndiye woyamba kuchepetsa mafuta m'ndiwo.

Lisanabwere limeneli tinawerenga The Fifth Season la N. K. Jemisin, loyamba mwa mabuku atatu amene anapambana mphoto ya Hugo zaka zitatu zotsatizana, mu 2016, 2017 ndi 2018. M'menemo muli anthu obadwa ndi mphamvu yoletsa kapena kuyambitsa chivomerezi, ndipo dziko lawo logwedezekagwedezekalo silingakhale popanda iwo, komabe limawalanda kwa makolo awo akadali ana, limawaphunzitsa kumvera, limawagwiritsa ntchito uku likuwanyoza. Namwino wathu kwawo ndi ku Karonga, ndipo anatiuza kuti powerenga ankakumbukira zivomerezi za mu Disembala 2009, pamene banja lawo linkagona panja poopa kuti khoma liwagwera. Aliyense ankapeza pake pogwira. Koma ndiyenera kuulula chinthu chimodzi chokhudza kawerengedwe kanga, chimene sindinkachiona mpaka tsiku la beseni lija. M'buku lililonse lotere ndinkadziika ndekha pakati pa oponderezedwa. Ufumu ukafika ndi sukulu ndi chilankhulo chake, m'maganizo mwanga ankabwera atsamunda ndi Chingerezi chawo, ndipo ine ndinkakhala mwana wa pachilumba. Sindinadzifunsepo ngakhale tsiku limodzi ngati pali buku limene ine, kapena anthu a kwathu, tingapezeke mbali inayo ya mpanda.

Kulankhula za olamulira modzera m'nyama, m'mizimu ndi m'maiko opeka si chinthu chimene Amalawi tinachiphunzira kunja. Lamulo lounika mabuku ndi zamsangalatso litakhazikitsidwa mu 1968, alembi athu anaphunzira kuyenda ngati bilimankhwe. Gulu la alembi limene linayamba ku Chancellor College mu 1970 linkabisa mawu m'miyambi ndi m'nthano zakale, Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimakokolola midzi, n'kumanena nacho zinthu zimene sakanatha kuzitchula maina, ndipo Jack Mapanje, ngakhale anabisa chotero, anamangidwabe mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Iwo ankazungulira chifukwa cha mantha a ndende. Ife mantha amenewo tilibe pamlingo umenewo, ndiye nthawi zina ndinkadzifunsa chifukwa chimene anthu akuluakulu ngati ife timathera Loweruka lathu tikukangana za mafumu amene sanakhaleko. Yankho limene ndafikapo n'lakuti chimene timachizemba ndi china. M'dziko lathu nkhani ya ndale ikangoyamba, funso limene aliyense amakhala nalo mumtima ndi lakuti wolankhulayo kwawo n'kuti, ndipo likangoyankhidwa funso limenelo makutu amatsekeka, chifukwa zonse zimene anene zadziwika kale kuti akunenera chigawo chake kapena chipani chake. M'dziko lopeka mulibe Rumphi, mulibe Dedza, mulibe Thyolo. Munthu amatha kuimvetsera nkhani mpaka kumapeto asanadziwe kuti iyeyo ali mbali iti, ndipo pozindikira amakhala atavomereza kale zinthu zimene akanazikana zikanabwera ndi maina enieni.

Nyambo yanga ndinaitenga mopepuka. Ndinalemba nkhaniyo usiku uwiri, magetsi atazima, ndikuunikira ndi foni. Mphunzitsi wanga ndinamupanga munthu wamtima wa mwala, wolankhula mokoma pamaso pa ana koma wodyera anzake kuseri, amene ndiye anakaneneza mnzakeyo kwa akuluakulu a ufumu pofuna nyumba yake yofolera bwino. Ndinamuveka nsapato zonyezimira ndi kumwetulira kwa fisi. Nditawerenga pakhonde paja, ophunzira awiri aja anawomba m'manja, mnyamata wa kabaza ananena kuti munthu wotereyo akanayenera kuwotchedwa pamodzi ndi nyumbayo, ndipo ine ndinakhala pansi ndikumva kukoma. Amama anakhala chete kwa kanthawi, akusonkhezera makala ndi kamtengo, kenaka anati, "Mwana wane, walemba bwino, koma nyambo ija sunaimeze. Kapepala kanati munthu amene amawakondadi ana. Iwe wandibweretsera mfiti. Mfiti sindinaifunse, chifukwa mfiti n'njosavuta kuimvetsa."

Apo m'pamene tinadziwa kuti kapepalako analemba ndi iwo, ndipo anatiuza chifukwa chake. Mu 1989 boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ponena kuti aphunzitsi ochokera kumpoto ankaphunzitsa mwadala mosalongosoka ana a m'zigawo zina. Amama anali ataphunzitsa zaka zambiri pasukulu ina ya kumwera, ana awo anabadwira komweko ndipo ankalankhula Chichewa kuposa Chitumbuka. Anakwera lole ndi katundu amene akanatha kunyamulika, nasiya dimba, khola la nkhuku ndi kalasi ya ana amene ankakonzekera mayeso. "Zaka zonsezi," iwo anatero, "ndakhala ndikuganizira munthu amene analowa m'nyumba mwanga. Sindimudziwa. Ndikukhulupirira kuti anali mphunzitsi wabwino, mwina anali woimba kwaya ngati ine. Ndimafuna kudziwa kuti usiku woyamba anagona bwanji." Anapitiriza kutikumbutsa, mosakweza mawu, kuti mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'makalasi, ndipo chinabwereranso pawailesi ya boma mu 1994. Iwo powerenga za sukulu ya ufumu ija, chilankhulo chimene chinkawabwerera m'makutu sichinali Chingerezi chokha.

Ndinabwerera kunyumba kwanga ku Luwinga ndili ndi mwala pachifuwa. Chichewa ndicho chilankhulo chimene amayi anga ankandiimbira nacho, chimene ndimalota nacho, ndipo ndakhala mu Mzuzu kuyambira 2010 ndikugula, kupemphera ndi kukwera matola m'Chichewa, anthu n'kumandiyankha m'Chichewa mwaulemu, ine osadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani iwo amadziwa changa pamene ine chawo ndimangodziwapo moni ndi kuthokoza. Koma chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo chinali chapafupi kuposa pamenepo. Mu 1989 ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bambo anga anali mphunzitsi pasukulu ina yapulaimale m'boma la Dedza. Ndimakumbukira bwino chaka chimene tinachoka m'kanyumba ka zipinda ziwiri n'kulowa m'nyumba ya aphunzitsi aakulu, ya malata ndi mawindo a magalasi, yokhala ndi mitengo itatu ya mapichesi kuseri. Ndimakumbukiranso kuti pa mphuthu ya chitseko cha chipinda chimene ndinkagona panali timizere ta pensulo, tina pamwamba pa tinzake, ndi zaka zolembedwa pambali pake, pamene munthu wina ankayeza msinkhu wa ana ake. Ndinkaimirira pamenepo kudziyerekeza ndi ana amene sindinkawadziwa, ndikusangalala ndikapitirira kamzere kamodzi. Kunyumba kwathu nkhaniyi inkanenedwa ndi mawu amodzi okha, akuti bambo anakwezedwa pa ntchito.

Mawa lake, titatuluka m'tchalitchi, ndinawaimbira foni. Tinayamba ndi za chimanga ndi mtengo wa feteleza monga mwa masiku onse, kenaka ndinafunsa kuti, "Ababa, nyumba ya mapichesi ija, tisanalowemo ife munkakhala ndani?" Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayang'ana foni poganiza kuti mayunitsi atha. Kenaka ananditchulira dzina la munthuyo, ndi kuti kwawo kunali cha ku Rumphi, ndi kuti ndi amene anawaphunzitsa iwo kukonza ndondomeko ya maphunziro atangoyamba ntchito. "Makiyi anandipatsa okha m'manja," anatero bambo. "Anandizunguliritsa nyumba yonse, anandisonyeza pamene denga limadontha, anandiuza kuti chitseko cha kukhitchini chimafuna kuchinyamula pang'ono potsegula, ndipo anandipempha kuti mapichesi ndiziwatengulira. Usiku woyamba ndinagona pampando pabalaza, kuchipinda kwawo sindinathe kulowako." Ndinafunsa ngati zinali zotheka kukana. Anandiyankha kuti akanakana, nyumbayo akanalowa wina, ndipo iwo akanafunsidwa chifukwa chimene akutsutsira mawu a Ngwazi, ali ndi ana anayi ndi mayi oyembekezera. Ndinafunsa ngati anawalemberapo kalata. Anati nthawi imeneyo aliyense ankakhulupirira kuti makalata amatsegulidwa panjira. Ndinafunsanso za pambuyo pa 1994, pamene mantha amenewo anali atatha. "Pamenepo, mwana wanga," anatero, "yankho ndilibe."

Bambo anga ndi munthu amene ankagula makope ndi ndalama za m'thumba mwake kugawira ana amasiye, ndipo mpaka lero anthu aimvi amaimitsa njinga panjira kuti awapatse moni aphunzitsi awo. Sananeneze munthu aliyense. Anangolandira makiyi, n'kutengulira mapichesi monga anapemphedwa, n'kutilera ife m'nyumba imeneyo mpaka tinakula. Apa m'pamene ndinaona chimene nyambo ija inkafuna, komanso chimene mabuku aja akhala akundiuza ine ndikuwerenga mothamanga kufuna kufika pa nkhondo. Ufumu uliwonse wa m'mabuku amenewa umayenda ndi miyendo ya anthu wamba: mlembi amene amakopera mndandanda wa maina mwaukhondo chifukwa amanyadira dzanja lake, woyendetsa ngolo amene amangofuna kufika dzuwa lisanalowe, mphunzitsi amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti chilankhulo chimene akuphunzitsacho chidzawatsegulira anawo makomo, ndipo chimawatseguliradi. Mlembi wa buku lalikulu alibe malo okwanira anthu onsewa, chifukwa maso ake ali pa mtsikana amene adzagwedeze mpando wachifumu. Amawapatsa mzere umodzi n'kupitirira. Malo awo ali m'nkhani zazing'ono ngati zathuzi, ndipo ubwino wa kutola nyambo ya munthu wina ndi wakuti imakukokera kumene wekha sukanapita, chifukwa munthu akamadzisankhira mutu amasankha umene ukumuika iye pabwino.

Si kuti mabuku amenewa ndimawavomereza m'zonse. Ambiri amakonda kutsiriza ndi moto, ngati kuti dziko likaipa mankhwala ake ndi kuligumula lonse n'kuyambiranso, ndipo pamenepa ndimasemphana kawirikawiri ndi mnyamata wathu wa kabaza, amene ali ndi zifukwa zomveka zokhalira wokwiya, popeza ali ndi satifiketi ya Fomu 4 yokhoza bwino koma mafuta a njinga amamudyera pafupifupi zonse zimene wapeza pa tsiku. Ine ndinali mumzinda muno pa 20 Julayi 2011, ndinamva kulira kwa mfuti ndili pansi pa tebulo la mu ofesi, ndipo ndimadziwa njira yopita kumanda a ku Zolozolo kumene anaikidwa ena mwa anyamata amene anafa pa zionetsero za tsiku limenelo. M'buku anthu chikwi amafa m'ndime imodzi ndipo wowerenga amatsegula tsamba lotsatira. Ku Zolozolo aliyense ali ndi mayi ake. Chachiwiri chimene chimandivuta ndi chizolowezi chodikira munthu mmodzi wosankhika amene adzapulumutse onse, chimene n'chofanana kwambiri ndi mmene ife timadikirira mtsogoleri watsopano pa chisankho chilichonse. Nthawi zambiri nyambo zabwino za m'beseni mwathu zimachokera pa kusakhutira kotereku, pamene wina akufuna kubwezera m'nkhani munthu amene buku linamupha mopepuka, kuti timuone akudya, akukongola mchere kwa mnansi, akukangana ndi mkazi wake.

Nkhani yachiwiri inanditengera milungu itatu, ndipo ndinachita kupempha gulu kuti lindiwonjezere nthawi. Nkhani zathu zambiri timalemba m'Chingerezi chifukwa mabukuwo ali m'Chingerezi, koma imeneyi inakana. Ndinailemba m'Chichewa, ndipo Chichewacho ndinachiika m'kamwa mwa mphunzitsi wa ufumu, pamene ana a pachilumba ndi mphunzitsi wochotsedwayo ndinafuna kuti azilankhula Chitumbuka akakhala paokha. Kuchita zimenezi kunandipweteka, chifukwa kunali kuika chilankhulo cha amayi anga pamalo pamene ndinazolowera kuikapo cha atsamunda, komabe ndinaona kuti nkhaniyo ikanakhala yabodza ndikanachita mwina. Munalibe matsenga, munalibe nkhondo. Munali amuna awiri akuzungulira nyumba, wina akusonyeza pamene denga limadontha, winayo akugwedeza mutu uku akulephera kumuyang'ana kumaso, ndipo panja ana a sukulu ataima chapatali, osadziwa kuti moni wa m'mawa umenewo apereke kwa ndani ndiponso m'chilankhulo chiti. Timizere ta pensulo tija ndinatiikamo monga momwe ndimatikumbukirira. Popeza Chitumbuka changa n'chosakwanira, ndinapita ndi mapepalawo kunyumba kwa Amama ku Chiputula masiku awiri msonkhano usanachitike, kuti akandikonzere.

Anavala magalasi, anatenga cholembera chofiira chimene ndikukhulupirira kuti sichinachokepo m'chikwama chawo kuyambira pamene anapuma pa ntchito, ndipo anayamba kukonza mzere ndi mzere. Pamene ndinalemba kuti ana anati "aphunzitsi" anafufuta n'kulemba "asambizgi". Anandiuza kuti mwana wa kuno sangayankhe wamkulu motero, anandisonyeza pamene pakufunika "yewo", ndipo anaseka pang'ono ataona mmene ndinasokonezera mawu ena. Ndili pomwepo ndinawauza za bambo anga, zonse, osasiyako kanthu. Anamvetsera osandidula mawu, anafunsa ngati bambo akadali moyo ndiponso ngati akupeza bwino, kenaka anabwerera pamapepala. Atafika pa ndime yomaliza anaima. M'ndime imeneyo ndinali nditalemba kuti mphunzitsi wochotsedwayo, ali pangolo, anatembenuka n'kukweza dzanja posonyeza kuti alibe naye chifukwa mnzakeyo. Amama anailemba mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Iyi chotsa, mwana wane," anatero. "Wailemba kuti mtima wako ukhale pansi. Mwina anakhululuka, mwina sanakhululuke, koma kumeneko si kwako kuti umulembere. Ine sindinatembenuke. Makiyi ndinawasiya pansi pa mwala pakhomo, chifukwa sindikanatha kumuona munthuyo."

Ndimeyo ndinaichotsa, ndipo nkhani imene ndinawerenga pakhonde la ku Katoto inathera pamene mphunzitsi wa ufumu wakhala pampando pabalaza mumdima, makiyi ali m'manja, ana ake akugona m'chipinda chokhala ndi timizere pachitseko. Palibe amene anawomba m'manja tsiku limenelo. Mmodzi wa ophunzira aja, amene kwawo ndi ku Mulanje, anati akafunsa agogo ake za mphunzitsi wa masamu amene ankamutchulatchula kuti anangosowa pakati pa chaka. Mnyamata wa kabaza anafunsa ngati nyambo yomweyo ingabwezedwe m'beseni kuti wina adzailembe kuchokera kwa mwana wa mphunzitsi wochotsedwayo, ndipo ngakhale lamulo lathu sililola kubwereza nyambo, tonse tinavomera.

Patapita mlungu umodzi bambo anandiimbira okha, chinthu chimene sachitachita chifukwa chosunga mayunitsi. Anali atafufuza m'kabuku kawo kakale ka maadiresi ndipo anapeza dzina la mudzi wa aphunzitsi aakulu aja ndi la mfumu yake. Anandiwerengera pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, ine ndikulemba m'kati mwa chikuto cha buku limene linali m'manja mwanga, limene linali la gulu ndipo linkayenera kupita kwa namwino mawa lake. Ndinawapatsa Amama mainawo, ndipo anati kumpingo kwawo kuli mayi wina wokwatiwa kuchokera kudera limenelo, amufunsa ngati munthuyo kapena ana ake alipo. Mayiyo anali atapita kumudzi kukadwazika matenda, ndipo mpaka pamene ndikulemba pano sanabwerere.